Pride ya ku Amsterdam ndi Ife Obwera

Chaka chilichonse, kumayambiriro kwa August, mzinda wa Amsterdam umadzaza ndi anthu odzaonerera mabwato okongoletsedwa akuyenda mondondozana mu ngalande ya Prinsengracht pa chikondwerero cha Pride, chimene ndi cha amuna okonda amuna anzawo, akazi okonda akazi anzawo ndi ena otero. Mwambo wa mabwatowu unayamba mu 1996, ndipo pa 1 April 2001 dziko la Netherlands linakhala loyamba pa dziko lonse kulola amuna okhaokha kapena akazi okhaokha kukwatirana mwalamulo. Mbiri imeneyi ndimailemekeza, ndipo ndi imene inandikoka kuti ndipiteko. Koma amene amalemba zoyamikira chikondwererochi ambiri sanaimepo pa mzere wa viza, choncho ndikufuna ndinene mmene ulendowu umakhalira kwa wobwera ngati ine, amene ndimasamalira okalamba ku Britain koma pasipoti yanga ndi ya dziko la mu Africa.

Anzanga a kuntchito amene ali mbadwa za ku Britain anangogula tikiti ya sitima ya Eurostar n'kunyamuka, popeza iwo amaloledwa kukhala m'mayiko a Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya, kuphatikizapo Netherlands, ogwiritsa ntchito viza imodzi) masiku 90 popanda viza. Ine ndinafunika kulipira ma euro 90, kugula inshuwalansi ya zachipatala yotha kundilipirira ndalama zofika ma euro 30,000, kusonkhanitsa zikalata za kubanki, tikiti yobwererera ndi umboni wa malo ogona, ndipo zonsezi ndinawonongera ndalama ndisanadziwe n'komwe ngati andilola kulowa. Chinandiwawa koposa ndi kalata ya abwana, chifukwa kuti ilembedwe ndinayenera kunena kumene ndikupita komanso masiku ake, pamene kuntchito kuja kuli anthu akwathu amene nkhani ikangowafika m'makutu, mawa lake yafika kale kwa achibale. Munthu amene akulakalaka tsiku limodzi lokha losabisala amayamba ndi kubisa cholinga cha ulendo wake kwa aliyense wogwira mapepala ake.

Za malo ogona sindinena zambiri. Mitengo imakwera kwambiri sabata imeneyo, ndipo pamwamba pake mzindawo umawonjezera msonkho wa alendo wa 12.5 peresenti, moti ine ndinakagona kunja kwa mzinda m'chipinda cha anthu ambiri.

Pa tsiku la mabwato ndinapeza malo pa mlatho wina, ndipo sindikana kuti mtima wanga unadzaza nditaona agogo awiri aamuna atagwirana manja poyera, wina atakolekera mnzake kambendera ka utawaleza pa chipewa. Komabe mabwato atayamba kudutsa, ambiri mwa amene ndinawaona anali ndi zizindikiro za mabanki ndi makampani akuluakulu, ndipo ovina m'menemo ankaoneka kuti ndi antchito a m'maofesi awo. Ife otsuka mbale m'malesitilanti ndi osintha zofunda m'mahotela a mizinda ngati umenewu tinali m'mphepete, tikukankhana kuti tione.

Pafupi nane panaima mnyamata wa ku Uganda atavala magalasi akuda ndi kansalu kotseka pakamwa ngakhale kunja kunkatentha. Kwawo, lamulo loletsa kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha limene Pulezidenti Yoweri Museveni anasainira mu May 2023 limapereka chilango cha kundende moyo wonse, ndipo pa milandu ina ngakhale chilango cha imfa. Mayi wina wachizungu anabwera akusekerera, n'kumukoleka mkono m'khosi, n'kudzijambula naye pa foni osapempha. Mnyamatayo ananjenjemera thupi lonse, ndipo atamuchonderera kuti afufute chithunzicho, mayiyo anadabwa n'kumuuza kuti kuno ndi kwa ufulu, palibe choopa. Ufuluwo ulipodi, koma chithunzi chikaikidwa pa Facebook chimafika kwa amayi ake, kwa abusa ake ndi kwa apolisi a kwawo tsiku lomwelo. Pa Pride yoyamba ya mu Africa, imene inachitika ku Johannesburg pa 13 October 1990 motsogozedwa ndi Simon Nkoli ndi Bev Ditsie, ena mwa oguba anavala matumba a mapepala kumutu pa chifukwa chomwechi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti okonza zikondwerero za masiku ano amachita ngati mantha amenewo anatha kalekale.

Madzulo ake, pa bala ina ya amuna okonda amuna anzawo mu msewu wa Reguliersdwarsstraat, mlonda wa pakhomo analowetsa azungu amene anali patsogolo panga osawafunsa kanthu, koma ine anandiitanitsa chiphaso, n'kuchitembenuza uku ndi uku, kenako n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti malowo ndi a anthu otani. Funso limenelo limasonyeza kuti m'maganizo mwa ena munthu wakuda wa ku Africa sangakhale m'modzi wa iwo, amangokhala woti amuyang'anitsitse.

Vuto lomweli limakula kwambiri kwa ofunsira malo othawirako. Mu 2013, khoti la European Union linagamula, pa mlandu wa amuna atatu a ku Sierra Leone, Uganda ndi Senegal amene anathawira ku Netherlands, kuti munthu asauzidwe kuti abwerere kwawo n'kumakabisa chimene ali. Mu 2014 khoti lomwelo linaletsa mafunso ofufuza za kuchipinda komanso kufuna mavidiyo ngati umboni. Ngakhale zili choncho, wofunsirayo amayenerabe kukhutiritsa wogwira ntchito wa boma amene sakumudziwa, nthawi zambiri kudzera mwa womasulira, za chinthu chimene wakhala akuchibisa kuyambira ali mwana, ndipo akachita manyazi kapena kusokoneza masiku amamuona ngati wabodza. Mu 2022, ku Ter Apel kumene othawa kwawo amalembetsa, anthu mazanamazana anagona panja mpaka bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières linapitako kukathandiza, koyamba m'dziko la Netherlands.

Ku Westermarkt kuli Homomonument, chikumbutso cha miyala yapinki yamakona atatu chimene chinatsegulidwa mu 1987 pokumbukira onse ozunzidwa chifukwa cha amene amawakonda, ndipo Pride yeniyeniyo inachokera ku chipwirikiti cha pa bala ya Stonewall ku New York mu June 1969, pamene anthu otopa ndi nkhanza za apolisi anakana kugonja. Ozunzidwa a lero ambiri ali kumayiko athu ndi m'misasa ya othawa kwawo. Mzinda wa Amsterdam, umene unasankhidwa kuchititsa WorldPride ya 2026, Pride ya dziko lonse, sungalephere kupatula malo oletsedwa kujambula, kulemba makalata oitanira amene akufunsira viza, ndi kuuza makampani ogula malo pa mabwato kuti gawo la ndalama zawo lilipire maloya a othawa kwawo.