Madzi saiwala khwawa, lekani kumanga mwachisawawa

Ana inu, wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye tandimverani.

Khalidwe logula poloti m'dambo poti ndi yotchipa, n'kumathiramo dothi usiku, n'kuyamba maziko khonsolo isanaone pulani, mulileke. Dambo si malo otsala ayi. Ntchito yake ndi kumwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Mukalikwirira ndi simenti, madziwo amakalowa m'nyumba ya mnzanu wakumunsi, kenako m'mwanu momwe, atatenga ndi za m'zimbudzi. Kolera ikabuka muziti mwalodzedwa?

Ku Seoul, m'dziko la South Korea, mtsinje wa Cheonggyecheon anauvindikira ndi konkire, pamwamba pake n'kudutsitsapo msewu waukulu. Mu 2003 anayamba kugumula msewuwo, ndipo mu 2005 madzi anayambanso kuyenda poyera. Analipira kawiri, pomanga ndi pogumula. Inu ndalama zotero muli nazo?

Nanunso amene mumasuntha mpanda mpaka kudya msewu, kungofuna khonde lalikulu, manyazi mulibe? Ana a sukulu akuyenda pakati pa magalimoto chifukwa cha inu. Ngalande mwaitseka, mwina mwaisandutsa dzala. Tsiku limene moto udzabuke, galimoto yozimitsa idzaima patali, yosowa polowera, ndipo nyumba yoyamba kupsa ikhoza kukhala yanu.

Akuluakulu oyendetsa mizinda, musaseke, nanu ndikunena. Mumadula mapoloti kutali, kopanda mipope, kopanda sukulu, kopanda msika, ndiye munthu azikwera galimoto ngakhale pokagula kanthu kakang'ono. Misewu ikadzaza, mankhwala anu ndi amodzi omwewo: kuikulitsa. Ku Houston, m'dziko la America, anakulitsa msewu wa Katy Freeway, ntchito n'kutha mu 2008, koma patangopita zaka zochepa magalimoto anathinananso. Msewu wotakasuka umaitana magalimoto ena, basi.

Anzanu a ku Curitiba, m'dziko la Brazil, anaganiza mosiyana. Mu 1974 anapatulira mabasi njira yawoyawo, ndipo nyumba zosanjikizana anazilola m'mbali mwa njirazo, kuti anthu ambiri azikhala pafupi ndi pokwerera. Sanadikire kuti mzinda uyambe wadzaza.

Ine ndakalamba, maondo sandilolanso kulumpha ngalande kapena kuthawa njinga yamoto. Ndikafuna kupita kuchipatala ndimaima nthawi yaitali m'mphepete mwa msewu, kusowa powolokera, kumbuyo kwanga kuli mpanda wa munthu amene anadya njira ya oyenda pansi.