Mwana asakumane ndi buku la Nthondo koyamba pokonzekera mayeso

Makolo anzanga, maganizo anga ndi akuti buku limene munthu amalikumbukirabe atamera imvi kawirikawiri ndi lija linamupeza pa msinkhu woyenera, ali pakhomo, popanda womuopseza ndi mayeso. Choncho ntchito yosankhira ana mabuku tisaisiyire aphunzitsi okha.

Mwana wa zaka 3 mpaka 6 amawerenga ndi makutu. Mukati "padangotero" iye n'kuyankha "tili tonse", wayamba kale kuphunzira kutsata nkhani kuchokera poyambira mpaka pothera. Mphindi 10 kapena 15 madzulo aliwonse n'zokwanira. Ngati pali kabuku ka zithunzi, mukhazikeni pamiyendo, chala chanu chizilondola mawu kuchokera kumanzere kupita kumanja. Akafuna nthano yomweyo ya Kalulu ndi Fisi mawa ndi mkuja, mubwerezereni osatopa, chifukwa mawu amawagwira pobwereza. Chimene chimaononga pa msinkhu umenewu ndi kumupanikiza ndi mafunso akangotha kumva nthano. Akaona kuti buku limabwera ndi kukalipiridwa, amalithawa.

Pa zaka 7 mpaka 10 mwana akulumikiza maphatikizo. Chichewa chimamukomera chifukwa chimalembedwa pafupifupi momwe chimatchulidwira: akadziwa ba, be, bi, bo, bu, ulendo wayambika. Amapunthwa pa zilembo zounjikana monga nkh, mph ndi nth, komanso posiyanitsa ng'ombe ndi ngoma. Mulembereni mawu otere papepala, awiriawiri, aziwatchula mokweza. Pofuna kudziwa ngati buku likumuyenera, tsegulani tsamba lapakati awerenge. Akakakamira pa mawu oposa asanu pa tsamba limodzi, bukulo lamukulira, lisungeni mpaka chaka chamawa. Akadutsa osapunthwa ngakhale pamodzi, m'pezereni lina lolimbako.

Pamene timataya owerenga ambiri ndi pa Sitandade 5. Maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi, ndipo makolo timaganiza kuti buku la Chichewa latha ntchito. Mwana amasiya chilankhulo chimene amachimva bwino asanazolowere chinacho, n'kutsala wopanda buku lililonse lomusangalatsa. Ino ndiyo nthawi yomupatsa Sikusinja ndi Gwenembe, kenako Kukula ndi Mwambo, onse a John W. Gwengwe, komanso miyambi ya mu Nzeru za Kale ya Stevenson Kumakanga. Mwambi umodzi pa tsiku, pa nthawi ya chakudya, iye anene tanthauzo lake, agogo akonze pamene wasokoneza. Mwana wozolowera kutsata nkhani yaitali m'Chichewa savutika kwenikweni akayamba kutsata yaitali m'Chingerezi, luso lake ndi lomwelo.

Chenjezo limodzi pa mabuku akale. Malamulo a kalembedwe amene tikutsata lero anakhazikika Chichewa Board itayamba ntchito mu 1972. M'mabuku osindikizidwa kale, kuphatikizapo Buku Lopatulika la 1922, mupeza "cifukwa", "mau" ndi "nchito". Mufotokozereni mwana kuti ndi kalembedwe ka nthawi imeneyo, apo ayi adzakopera m'chimangirizo chake n'kuchotseredwa malikisi. Anzathu a ku Zambia amalembabe "c" m'Chinyanja mpaka lero, ndiye buku lochokera ku Chipata lisamudabwitse.

Tsopano Nthondo. Samuel Josia Ntara analitulutsa mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Ndi moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa: umasiye, umbava, ulendo wokasaka ntchito kutali, ufumu, kutembenuka mtima. Achinyamata ambiri amalidziwa kudzera m'manotsi ofupikitsa, amaloweza mayina a atengambali ndi maphunziro a m'nkhani, bukulo osalitsegula. Amakhoza mayeso, koma Chichewa cha Ntara, kalankhulidwe ka akuluakulu pabwalo la milandu, maliro ndi ulemu wa m'mudzi zonse zimawadutsa. Ine ndikuti mwana aliwerenge ali Fomu 1 kapena 2, pa tchuthi, mutu umodzi pa tsiku, asanamve kuti lidzabwera pa mayeso. Pa zaka 14 amatengeka ndi kuchenjera kwa mnyamata wakuba. Akadzalibwereza ali ndi zaka 40, ali ndi ana akeake, maso ake adzakhala pa mayi amene akuvutika kulera mwana wosamvera. N'chifukwa chake buku lotere siligulitsidwa mayeso akatha.

Pa msinkhu womwewu muonjezereni Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani, ndi ndakatulo za Benedicto Wokomaatani Malunga. Ndakatulo aziilakatula mokweza, poti kukoma kwake kuli m'khutu. Za chikondi zisakuchititseni manyazi. Wachinyamata akaziletsedwa m'buku amakazisaka pafoni, kumene kulibe womuongolera.

Munthu akakula, ambiri amati nthawi kulibe. Masamba asanu musanagone amamaliza buku la masamba 150 pa mwezi umodzi. Mbiri ya Achewa ya Ntara yemweyo imakoma pa msinkhu uno, pamene munthu wayamba kufunsa za Kalonga, za mfunda wake ndi kumene makolo ake anachokera. Ndipo mwana amene saona bambo kapena mayi ake atagwira buku sakhulupirira kuti kuwerenga n'kofunika, ngakhale mumuuze kangati.

Ndalama zikachepa, National Library Service, imene yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1968, imabwereketsa mabuku. Ogulitsa mabuku akale m'misika amakhala nawo pa mtengo wotsika, koma yang'anani masamba omalizira musanalipire, chifukwa ndi amene amathothoka msanga. Masamba a Tamvani ndi Tikambe a m'nyuzi za kumapeto a sabata muzidula n'kusunga mufayilo. Mabuku asakhale m'katoni pansi kapena kutsamira khoma la dothi, chiswe ndi chinyontho cha dzinja zimamaliza katoni yonse mwakachetechete. Akhale pa shelefu yotalikirana ndi khoma, akutidwe ndi pulasitiki, muziwakung'untha kamodzi pa mwezi. Wobwereka aliyense, ngakhale malume, alembedwe m'kope dzina ndi tsiku lobweza.