Digiri ya Chifalansa kapena Chipwitikizi: kodi imabweza ndalama?

Makolo a kuno ku Salima ndi Nkhotakota, mwana akanena kuti akufuna kukaphunzira Chifalansa ku yunivesite, musafulumire kumuletsa, komanso musangoomba m'manja. Maganizo anga ndi akuti digiri ya chiyankhulo payokha imabweza pang'onopang'ono kwambiri. Imayamba kudyetsa munthu ikaphatikizidwa ndi ntchito ina yogwirika, monga ya zamalonda, zamalamulo, zaumoyo kapena yowombola katundu pachipata.

Ziyankhulo zochokera ku Chilatini zodziwika kwambiri ndi Chifalansa, Chipwitikizi, Chisipanishi, Chitaliyana ndi Chiromaniya, koma pamsika wathu sizilingana mtengo. Chisipanishi ndi Chitaliyana n'zokoma kumva, koma wokulipirani chifukwa cha izo kuno ndi wosowa. Za ndalama ndi ziwiri zoyambazo.

Yambani ndi kuwerengera. Digiri ndi zaka 4. Tengani fizi ya chaka, muonjezere lendi ya chipinda ku Chikanda ngati mwana wapita ku Zomba n'kusowa malo pasukulu, chakudya, bandulo ya intaneti, ndi thiransipoti yodutsa pa Golomoti, Balaka ndi Liwonde kupita ndi kubwera semesita iliyonse. Muchulukitse kanayi. Ngati mwadalira ngongole ya HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a kuyunivesite, kumbukirani kuti imeneyo si mphatso, idzabwezedwa. Tsopano funsani: ndi ntchito iti idzabweze zonsezi?

Khomo loyamba ndi uphunzitsi wa kusekondale. Ndi ntchito yodalirika ikapezeka, ndipo ili ndi penshoni, koma boma limalipira potengera giredi, osati phunziro. Wa Chifalansa alandira chimodzimodzi ndi wa Jogalafe. Chovuta china n'chakuti Chifalansa pa MSCE ndi chosankha, ndipo masukulu ambiri, makamaka ma CDSS, sachiphunzitsa n'komwe. Munthu amatha zaka akuphunzitsa Chingerezi, Chifalansa chake chikuchita dzimbiri.

Ena amadalira alendo a ku Senga Bay ndi kunkhalango ya Nkhotakota, imene African Parks yakhala ikuyendetsa kuyambira 2015. Zoona, wolandira alendo woyankhula Chifalansa amasiririka, koma alendo ambiri amamva Chingerezi, ndipo amabwera mwanyengo. Pa zimenezo simungamangepo nyumba.

Chimene timachinyalanyaza ndi Chipwitikizi, chonsecho tsidya la nyanja pomwe mwaima pa gombe la Nkhotakota ndi Mozambique. Mafuta ndi feteleza wambiri zimalowera ku Beira ndi ku Nacala. Mathiraki amadutsa pa Mwanza kulowa Zobue, pa Dedza kulowa Calomue, pa Chiponde kulowa Mandimba, pa Muloza kulowa Milange, ndipo tsidya linalo mapepala a boma, a apolisi ndi a padoko ali m'Chipwitikizi. Mnyamata amene anaphunzira zowombola katundu, nkumathanso kuwerenga kalata ya padoko la Beira ndi kuimba foni n'kumvana ndi ofisala wa kumeneko, amapulumutsa kampani ku chindapusa cha kontena yokhalitsa padoko. Amene uja mabwana samutaya. Zindikirani kuti chomwe akumulipira ndi ntchito ya katunduyo; chiyankhulo chikungokweza mtengo wake.

Chifalansa nacho chili ndi pake. Ku Dzaleka ku Dowa, ulendo wa maola ochepa kuchoka pa Kamuzu Road ku Salima, kuli othawa nkhondo ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda, ndipo mabungwe amafuna otanthauzira. Koma kumeneko mukapikisana ndi anthu oyankhula Chifalansa, Chiswahili ndi Chirundi kuyambira ali ana. Ndalama zenizeni zili ku SADC ku Gaborone, COMESA ku Lusaka ndi African Union ku Addis Ababa. Mipata yake ndi yochepa, ndipo kawirikawiri amafuna digiri yachiwiri ya kumasulira. Wotanthauzira pamsonkhano sagwira yekha: amakhala awiri m'kachipinda, kusinthana pafupifupi mphindi 30 zilizonse chifukwa mutu umatopa. Luso limenelo digiri yoyamba siipereka.

Pamene ambiri amagwera ndi apa: amamaliza sukulu akudziwa galamala ndi mabuku a alembi akale, koma kuwaimbira foni kuchokera ku Kinshasa amangoti kakasi. Wolemba ntchito wakunja sadziwa kulemera kwa magiredi anu, amafuna satifiketi yodziwika. Ya Chifalansa ndi DELF (milingo ya luso yoyambira pa A1, wotsikitsitsa, mpaka B2) ndi DALF (milingo yapamwamba, C1 ndi C2), zoperekedwa ndi unduna wa zamaphunziro wa ku France, ndipo sizitha ntchito. Mayeso a DELF ali ndi zigawo 4: kumva, kuwerenga, kulemba, kuyankhula, chilichonse malikisi 25. Mupeze 50 pa 100, koma mukatsika pansi pa 5 m'chigawo chimodzi mwalephera, olo zinazo mutakhoza bwanji. Ana athu chimawagwetsa ndi kumva, chifukwa anazolowera liwu la mphunzitsi mmodzi. Mankhwala ake ndi kumvera wailesi ya ku France ya RFI tsiku lililonse. B2 ndiye poyambira kugulitsa luso lanu. Pansi pa pamenepo n'kucheza chabe. Satifiketi ya Chipwitikizi ndi CAPLE ya ku Portugal kapena Celpe-Bras ya ku Brazil.

Za kumasulira pa intaneti: amalipira pa liwu, ndipo wodziwa ntchito amamasulira mawu pafupifupi 2,000 mpaka 2,500 patsiku. Zabwino zake mumalandira madola, zomwe zili ndi tanthauzo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zoipa zake makina monga Google Translate ndi DeepL anagwetsa mitengo ya nkhani wamba. Zatsala ndi makontirakiti, malipoti a chipatala ndi mapepala a katundu, momwe kulakwitsa kumadula. Mwachitsanzo, Apwitikizi akalemba 1.500 kg ndi makilogalamu 1,500, ndipo 2,5 ndi ziwiri ndi theka. Wosadziwa amasandutsa tani ndi theka ya mpunga wa Kilombero kukhala kilo imodzi ndi theka pa invoice. Musanavomere ntchito iliyonse, gwirizanani kaye kuti ndalamayo ikufikani bwanji, ndipo mukhale ndi sola ndi batire la laputopu, chifukwa kasitomala wa ku Lyon, ku France, samva zoti magetsi anazima.

Choncho mwana wosankhidwa kale kukaphunzira Chifalansa apite, koma atengenso phunziro lina lomwe lili ndi msika, ndipo alembe DELF B2 asanamalize chaka chachinayi. Amene akuchita akaunti, zamalamulo kapena unamwino asasiye. Aphunzire chiyankhulocho pambali, pafupifupi maola 600 kuti afike B2, kutanthauza ola limodzi patsiku kwa zaka pafupifupi ziwiri.