Miseche ya makochi a basketball ya akazi: America ndi Canada, kwabwinoko n'kuti?

Ku America, mtsikana wa zaka 16 kapena 17 amene basketball amaitha sasowa alendo. Makochi a m'mayunivesite amachita kumulimbirana: kumuimbira foni, kumuitana kuti akaone sukulu, ena mpaka kufika pabalaza kudzacheza ndi makolo ake. Chimene abweretsa ndi sikolashipu yolipira zonse, fizi, chakudya ndi pogona, ndipo timu ya mu gawo lapamwamba la NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite ku America, malo otere imakhala nawo 15 basi. Kochi akaphonya osewera abwino zaka ziwiri zitatu zotsatizana, timu imayamba kugonja, iye n'kulongedza.

Zikafika pamenepo ena saona kuti kutama timu yawo n'kokwanira. Amayamba kuipitsa ya mnzawo, ngati wogulitsa nsomba amene amakunong'oneza kuti za mnzake uyo n'zadzana. Kumasewera a amuna miseche yake imakhala yakuti kochi wauko achotsedwa posachedwa, kapena kuti ukapita kumeneko uzikangokhala pabenchi. Kwa akazi, kwa zaka zambirimbiri, chida chakuthwa chakhala china: kuopseza makolo kuti kochi wa timu inayo, kapena osewera ake, ndi akazi okonda akazi anzawo.

Kawirikawiri sachita kutchula. Kochi amangofunsa mayi a mwanayo ngati anamvapo kuti kochi wauko ali pabanja. Kapena amatsegula kabuku ka timu, n'kuloza chithunzi chimene iye waima ndi mkazi wake kapena mwamuna wake ndi ana, uku akutsindika kuti kwawoko ndi anthu opemphera, olemekeza banja. Kholo limamva zotsalazo palokha. Mu 2011 magazini ya ESPN inalemba nkhani yaitali ya khalidweli itacheza ndi osewera komanso makochi, ndipo zinaonetsa kuti amene amavulala kwambiri ndi kochi wamkazi wosakwatiwa, kaya mphekeserazo n'zoona kaya n'zabodza.

Rene Portland yekha sankanong'ona. Anaphunzitsa timu ya akazi ya yunivesite ya Penn State kuyambira 1980 mpaka 2007, ndipo mu 1986 anauza nyuzipepala ya Chicago Sun-Times poyera kuti atsikana otere sawafuna m'timu mwake, ndipo kuti nkhaniyi amaiyambitsa yekha akamacheza ndi makolo. Apa ndiye pali mutu wa nkhani: tsankholo linali malonda ake. Yunivesite inamusiya akutero kwa zaka pafupifupi 20 chifukwa ankapambana. Zinthu zinavuta mu 2005 atachotsa m'timu Jennifer Harris, yemwe anakasuma kukhoti ponena kuti anachotsedwa chifukwa kochiyo ankamuganizira zimenezo. Harris ananena kuti iye si wotero, kungomuganizira kokha kunakwanira. Portland anakana mlandu, koma kafukufuku wa yunivesite yomweyo mu 2006 anapeza kuti anamuzunzadi mtsikanayo, ndipo anamulipiritsa chindapusa cha madola 10,000. Kwa kochi wa msinkhu umenewo ndalama imeneyo inali yachibwana. Mlandu unathera kunja kwa khoti mu February 2007, mwezi wotsatira iye n'kutula pansi udindo.

Wina angati zinathera pomwepo, koma ayi. Brittney Griner, amene anatsogolera Baylor kutenga chikho mu 2012 osagonjapo m'masewera 40, anaulula mu 2013 kuti kochi wawo Kim Mulkey ankawalangiza kuti za moyo wawo wachikondi asamazionetse poyera, chifukwa makolo a ana ena angaleke kutumiza ana awo ku Baylor. Yunivesiteyi ndi ya mpingo wa Baptist ku Waco, Texas, ndipo lamulo la Title IX la 1972, lomwe linatsegulira akazi masewera m'sukulu, limapatsa sukulu za mipingo mpata wosatsata mbali zina zosemphana ndi chiphunzitso chawo. Nthawi yomweyo Sherri Murrell wa ku yunivesite ya Portland State ankatchulidwa kuti ndiye kochi yekhayo wa basketball ya akazi mu gawo lapamwambalo amene sankabisa kuti amakonda akazi anzake, mwa matimu oposa 300. Chimene anachita n'kungoika m'kabuku ka timu chithunzi cha banja lake, iye, mnzake wamkazi ndi ana awo amapasa, monga amachitira makochi ena onse.

Palinso chiwerengero china chimene sindimachiona ngati changozi. Mu 1972 matimu a akazi oposa 90 pa 100 aliwonse m'makoleji a ku America ankaphunzitsidwa ndi akazi. Ndalama zitalowa, amuna anayamba kuzifuna ntchitozo, ndipo chiwerengerocho chinatsika kufika pansi pa theka. Zifukwa n'zambiri, koma mkulu wa zamasewera amene akuopa miseche amadziwa kuti bambo wapabanja palibe angamunene.

Tikawoloka malire kupita ku Canada, kwawo kwa James Naismith amene anayambitsa basketball mu 1891, malamulo anafulumira. Mu 1996 anaonjezera m'lamulo la dziko la ufulu wa anthu kuti munthu asasalidwe chifukwa cha amene amamukonda. Mu 1998 khoti lalikulu linagamula mokomera Delwin Vriend, yemwe koleji ina yachikhristu ku Edmonton inamuchotsa ntchito, ndipo linalamula kuti chigawo cha Alberta chiteteze anthu otere. Maukwati a amuna kapena akazi okhaokha anawaloleza dziko lonse mu 2005. America inafika pamenepo mu 2015, ndipo chigamulo choteteza ogwira ntchito dziko lonse chinabwera mu 2020. Choncho kochi wa ku Toronto kapena Halifax amene angalankhule ngati Portland akanakumana ndi lamulo kalekale.

Koma amene amati ku Canada kulibe miseche yotere chifukwa anthu ake ndi a mtima wabwino ndimatsutsana nawo. Chachikulu n'chakuti cholimbirana n'chochepa. Masewera a m'mayunivesite kumeneko amayendetsedwa ndi bungwe la U Sports, lokhala ndi mayunivesite osakwana 60, ndipo thandizo la wosewera lakhala lisakupitirira fizi ndi zolipira zina za sukulu. Pogona ndi chakudya udzionere. Chikho chawo cha akazi, Bronze Baby, chimaseweredwa m'maholo aang'ono, pomwe fainolo ya NCAA ya 2024 pakati pa South Carolina ndi Iowa inaonedwa ndi anthu oposa 18 miliyoni pa TV. Kochi wa ku Canada alibe zambiri zoti apindule ponyoza mnzake.

Mbiri yawonso ili ndi mabala. Betty Baxter, kochi wa timu ya dziko ya volleyball ya akazi, anachotsedwa ntchito mu 1982 chifukwa cha mphekesera zomwezi. Yunivesite ya Trinity Western ku Langley, British Columbia, imene matimu ake amasewera mu U Sports, inkasainitsa ophunzira onse, osewera omwe, pangano loletsa kugonana kunja kwa ukwati wa mwamuna ndi mkazi. Inaleka kuwakakamiza mu August 2018, patangopita miyezi iwiri khoti lalikulu litagamula kuti mabungwe a maloya ali ndi ufulu wokana kuvomereza sukulu ya zamalamulo imene yunivesiteyi inkafuna kutsegula. Anawagwedeza ndi maloya, osati akuluakulu a zamasewera.

Malire enieniwo satchinga kanthu. Atsikana aluso kwambiri a ku Canada amatsikira kum'mwera: Kia Nurse wa ku Hamilton anapita ku yunivesite ya Connecticut (UConn) n'kutenga zikho mu 2015 ndi 2016, Aaliyah Edwards wa ku Kingston anamutsatira komweko, Bridget Carleton anasankha Iowa State. Ndiye kuti makochi a ku America amafikanso pabalaza ku Ontario, ndipo lamulo la Canada silingamve zimene zanong'onedwa pa foni kuchokera kutsidya. Ngakhale ku America komweko vuto lake n'lomwelo. Portland anagwidwa chifukwa anayankhula ndi mtolankhani komanso anachotsa mwana m'timu. Wofunsa kafunso kamodzi pakhonde, umboni wake ungaupeze kuti?

Kwa ine Canada ili patsogolo poteteza kochi pantchito, ndipo America ikulondola. Koma kusintha kumene kukumveka ku America kwabwera kwambiri ndi osewera eni ake. Ambiri mu WNBA, ligi yaikulu ya basketball ya akazi ku America, sabisanso, atsikana a masiku ano anakula akuwaonera, ndipo kochi akayamba miseche yotere pamaso pa mwana akhoza kumutaya pomwepo. Kuyambira 2021 wosewera atha kusamukira ku yunivesite ina osakhala chaka chathunthu asakusewera monga zinalili kale, kotero wozunzidwa ali ndi kothawira. Kuipa kwake n'kwakuti kulimbirana osewera tsopano sikuthera pa ana a kusekondale. Chaka chilichonse nyengo ikatha, mazanamazana a osewera amalembetsa zosamuka, ndipo makochi amayambiranso kuimba mafoni kwa iwo ndi kwa makolo awo.