Musaiwale zilumba za ku Scotland

Zikomo alembi potikumbutsa kuti ife okhala kunja tizipezako nthawi yopuma, osangoti ntchito yokhayokha. Ndikugwirizana nanu, koma mwangotchula mizinda ikuluikulu. Kuno ku Scotland zokoma zenizeni zili pa zilumba.

Mukakwera sitima ya pamtunda ku Glasgow Queen Street, pakatha maola atatu mwafika ku Oban. Padoko pomwepo pali timalo todyera togulitsa nkhanu ndi nsomba zongovuula kumene. Ine ndimakonda nsomba ya haddock yokazinga ndi tchipisi, yothira mchere ndi viniga, kudyera papepala pomwepo ikadali yamoto. Kenako sitima ya pamadzi ya kampani ya CalMac imakuwolotsani kupita ku chilumba cha Mull, ola silikwana. Amene munakwerapo Ilala popita ku Likoma mtima udzakhala m'malo, kungoti mphepo yake imalasa mpaka m'mafupa, jekete musalisiye. Kuchokera ku Fionnphort, mudzi wa kumapeto kwa Mull, mukakwera sitima ina mphindi 10 zokha muli pa chilumba cha Iona, pomwe Columba, mmishonale wochokera ku Ireland, anafikira m'chaka cha 563.

Mabuku nawo, abale anga, khadi la laibulale ndi laulere. Ndimabwereka nkhani za apolisi ofufuza milandu zolembedwa konkuno, n'kumawerenga m'sitimamo. Zandithandiza kwambiri kumva kalankhulidwe ka anthu a kuno, makamaka agogo amene ndimawasamalira kuntchito.