Mabuku atatu amene akana kundichoka m'mutu

Pa mabuku amene ndawerenga miyezi yapitayi, atatu okha ndi amene ndikuwaganizirabe, ndipo onsewo akufanana pa chinthu chimodzi: olemba ake sakukuweruzira mlandu. Amakuikira anthu patsogolo, aliyense ndi zabwino zake ndi zonyansa zake, n'kukusiya uvutike nazo wekha. Ena ndinawerenganso, makamaka aja olonjeza kuti ukatsatira mfundo zakutizakuti ulemera, koma mutandifunsa lero kuti munali zotani ndingokanda m'mutu. Onse amayankhula zofanana, chosiyana ndi chikuto basi.

Limene landisowetsa tulo ndi Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, lomwe linatuluka mu 1988. Nkhani yake ikuchitika m'zaka za m'ma 1960 mpaka koyambirira kwa m'ma 1970, dzikolo likutchedwabe Rhodesia. Wosimba ndi Tambudzai, mtsikana wakumudzi wofunitsitsa sukulu, koma pakhomo ndalama zilipo za mwana mmodzi, ndipo mwanayo ndi mchimwene wake Nhamo poti ndi wamwamuna. Tambu akupempha mbewu, n'kulima kamunda kakekake ka chimanga kuti akagulitse apeze fizi. Chimanga chitayamba kukhwima chikumasowa m'munda, ndipo wakubayo ndi Nhamo yemweyo, akuthyola n'kumagawira anzake. Mwayi wokaphunzira ku mishoni ukumugwera Tambu pokhapo Nhamo atamwalira mu 1968, ndipo mtsikanayo sakubisa kuti maliro amenewo sanamukhudze mtima.

Koma amene ndikulimbana naye mpaka pano ndi Babamukuru, bambo ake aakulu a Tambu. Munthuyu ndi mphunzitsi wamkulu pa mishoni, anaphunzira mpaka ku England, ndipo mtundu wonse ausenza yekha: fizi ya ana a eni, chakudya, kukonzetsa nyumba za abale. Si chidakwa, si wakuba, sagona ndi ntchito. Komatu m'nyumba mwake palibe amene amapuma bwino. Mkazi wake Maiguru ali ndi digiri ya masitazi ngati iye, amaphunzitsanso, koma malipiro ake amathera ku zofuna za banja la mwamuna popanda womufunsa maganizo. Mwana wake Nyasha, amene anakulira ku England n'kubwerako Chishona chitamuthawa, amafunsa mafunso ndipo amayankha akadzudzulidwa. Usiku wina atachedwa panja pochokera ku dansi, bambo ake akumutukwana ndi kumumenya, iye n'kubwezera. Nkhondo ya awiriwa ikusamukira patebulo: bambo akulamula kuti amalize chakudya, mwana akudya zonse mwakachetechete, kenako n'kukasanza kubafa, mpaka thupi kutha.

Pali pena pamene ndinatseka buku kaye. Babamukuru waganiza kuti mavuto onse a pamtundu akudza chifukwa makolo a Tambu sanadalitse ukwati wawo kutchalitchi, ndiye akukonza chikwati, anthu okalamba kale, ana ali tayale. Kwa Tambu chimenechi n'chipongwe, makolo ake asanduka choseketsa, iyenso ngati mwana wobadwira m'tchimo. Tsiku laukwati akungogona pabedi, osadzuka. Chilango chake ndi zikoti 15 komanso kugwira ntchito za wantchito wa m'nyumba kwa milungu iwiri. Ndipo mtsikanayo, ngakhale thupi likuwawa, akunyadira mumtima kuti kamodzi kokha wanena kuti ayi.

Owerenga ambiri amathamangira kunena kuti Babamukuru ndi chilombo. Ine ndikukana. Pakanapanda iye Tambu akanakalambira pamudzi ndi khasu, ndipo Tambu mwini akudziwa zimenezo. Ubwino wa bamboyu uli ngati bulangete lochindikala nthawi yotentha: wokufunditsayo akukufunira zabwino, koma iwe ukubanika, ndipo ukalikankha anthu ati ndiwe wosayamika. Dangarembga wagwira pachilonda penipeni, kuti wothandizidwa amalipira ndi pakamwa pake, sangatsutsenso. Aliyense amene analipiriridwa sukulu ndi wachibale, kapena amene pano akulipirira ana a abale ake, adzipezamo. Enafe tadzipezamo mbali zonse ziwiri, ndipo sizikoma.

Lachiwiri ndidutsapo msanga poti ambiri mukulidziwa: The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, la 2009. Dziko lonse linakondwera ndi makina amphepo opanga magetsi amene mnyamatayu anamanga ndi zitsulo zotola kudzala ndi zida za njinga, filimu n'kutulukanso mu 2019. Zoona, n'zogometsa. Koma kwa ine mphamvu ya bukuli ili m'mitu yonena za njala ya 2001 ndi 2002, pamene banja likudya kamodzi patsiku, iye wasiya sukulu posowa fizi, ndipo akukamangirira galu wake Khamba pamtengo kuthengo chifukwa palibe chomupatsa. Amene amalitenga ngati buku longolimbikitsa achinyamata kuti limbikirani mudzapambana, ndimakayika ngati mitu imeneyi anaiwerenga. Anzake a William ambiri analinso ndi nzeru, njala sinawasiyire mpata.

Lachitatu ndi kabuku kochepa thupi, So Long a Letter ka Mariama Bâ wa ku Senegal. Anakalemba m'Chifalansa, kanatuluka mu 1979, n'kupata mphoto ya Noma, yoperekedwa kwa mabuku a mu Africa, mu 1980. Buku lonse ndi kalata imodzi imene Ramatoulaye, mphunzitsi wa ku Dakar, mayi wa ana 12, akulembera mnzake wapamtima Aissatou ali pa nthawi yolira mwamuna wake Modou. Atakhala m'banja zaka 25, Modou anakwatira mkazi wachiwiri, Binetou, mnzake wa kusukulu wa mwana wawo Daba. Mtsikanayu ankabwera pakhomopo kudzawerenga ndi Daba, n'kumasimba za chidyamakanda china chimene chimamugulira madiresi, osadziwa mayiwo kuti chidyamakandacho ndi bambo a m'nyumba momwemo. Uthenga wa ukwati unabwera tsiku lomwelo ukwati utachitika kale, onyamula ake Imamu, mchimwene wa Modou ndi mnzake wa Modou, atatchena bwinobwino. Ramatoulaye anamwetulira, n'kuwathokoza. Kumwetulira kumeneko kumapweteka kuposa kulira kulikonse kumene ndawerengapo.

Aissatou anakumana ndi zofananazo, iye anangonyamula ana ake n'kuchoka, anapitiriza maphunziro mpaka kukagwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa Senegal ku America. Ramatoulaye anakhala, ngakhale Daba ankamuuza kuti athetse banja, ndipo Modou sanagawe n'komwe masiku monga chipembedzo chimanenera, anangosowa pakhomo. Mtima wanga uli kwa Aissatou, sindibisa. Komatu Bâ cholembera anapatsa amene anakhalayo, ndipo samulola kuoneka wopusa. Ramatoulaye akuphunzira kulipira yekha mabilu, kupita yekha kukanema, kuyendetsa galimoto imene Aissatou anamugulira. Ngakhale Binetou sakumuda kotheratu, akuona kuti ndi mwana amene mayi ake anamugulitsa pofuna kuthawa umphawi.

Ndiye pa tsiku la 40 la maliro, Tamsir, mchimwene wa malemu yemwe uja anabweretsa uthenga, akulengeza pamaso pa anthu kuti nthawi yolira ikatha amulowa chokolo. Bamboyu ali kale ndi akazi atatu amene akulephera kuwadyetsa. Apa mayi amene anakhala chete zaka 30 akutsegula pakamwa, n'kumuwerengera Tamsir zonse, Imamu ali pomwepo akumva. Pambuyo pake akukananso Daouda Dieng, dokotala komanso phungu wa nyumba ya malamulo, munthu waulemu amene ankamufuna kuyambira ali mtsikana, chifukwa samukonda ndiponso safuna kuchitira mkazi wa Daouda zimene iye anachitiridwa.

Mariama Bâ anamwalira mu 1981, buku lake lachiwiri, Scarlet Song, lisanatuluke. Limenelo ndi limene ndikulisaka pano, ndipo amene ali nalo andibwereke, ndimabweza.