Chiwombankhanga cha ku Philippines chikufuna nkhalango

A mlembi, nkhani yanu ya ziwombankhanga za ku Philippines mwailongosola bwino, koma pomwe mwati kuswetsa ziwombankhangazi m'makola ndiko kudzazipulumutse, pamenepo ndiye sinditsagana nanu.

Taganizirani mmene mbalameyi imaswanirana. Yaikazi imaikira dzira limodzi lokha, ndipo mwana akaswa amadalira makolo ake pafupifupi zaka 2, kotero kuti banja limodzi limalera mwana mmodzi pa zaka 2 zilizonse. Mlenje akawombera imodzi yaikulu, wabwezeretsa zinthu m'mbuyo kwambiri. Komanso chisa imamanga pamwamba pa mitengo italiitali, yomweyo imene odula matabwa amayamba kuilondola. Banja lililonse limafuna nkhalango yotakata yosakamo anyani, njoka, mileme ndi tinyama tina ta m'mitengo. Nanga pa zilumba za Mindanao, Luzon, Samar ndi Leyte, komwe mbalameyi imapezeka, nkhalango zotere zatsala zingati?

Sindikunyoza ntchito yoswetsa mbalamezi m'makola ku mzinda wa Davao ayi. Kuswetsa Pag-asa, choyamba mwa ziwombankhangazi kubadwira m'khola, mu 1992 chinali chinthu chachikulu ndithu. Koma kumbukirani Pamana, chiwombankhanga chomwe anachichiza mabala a mfuti n'kuchibwezera kutchire ku phiri la Hamiguitan mu 2015. Patangopita miyezi iwiri anachipeza chitafa, chitawomberedwanso. Chonsecho iyi ndi mbalame ya fuko la Philippines kuyambira 1995, ndipo lamulo limalola kumanga woipha mpaka zaka 12.

Ine ndikadakonda mukadalemba zambiri za anthu okhala m'mphepete mwa nkhalangozo, chifukwa mfuti ndi misampha zikuchokera kumeneko, ndipo alonda odalirika a zisa amapezekanso komweko.